Bambo ako atopa

Chaka chachiwiri cha maphunziro anga a udokotala wa mabanja ananditumiza ku chipatala china kufupi ndi Mtakataka. Udokotala ndinali nawo kale, uwu unali wowonjezera, wophunzira kukhala dokotala wa chilichonse. Ndiye chilichonse chinalidi chilichonse. M'mawa ana a malungo, kenako amayi oyembekezera, masana opaleshoni, madzulo azibambo a bipi amene anasiya mankhwala ati chifukwa amawakodzetsa. Aphunzitsi athu, dokotala wamkulu amene ankabwera Lachinayi lililonse, ankabwereza zomwezomwezo: musamaone matenda okha, muziona munthu ndi banja lake, muzifunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pa mzere wa odwala umene unkafika mpaka pa mtengo wa mango.

Pofika Okutobala ndinali nditauma. Sindikunena kukwiya kapena chisoni ayi, kungouma basi. Mwana akamwalira ndinkalemba nthawi, n'kusamba m'manja, n'kuitana wotsatira. Mandasi ndinkadya choimirira. Anamwino ena achikulire ankandiseka kuti, "Adokotala, mukuyendatu ngati miyendoyo ndi yobwereka." Kuseka ndinkaseka, koma mano okha.

Kwathu ndi ku Golomoti, pompano, minibasi imodzi. Komabe panali patatha miyezi itatu ndisanapondeko. Bambo anga anali ndi bipi, ndipo mankhwala awo ndinkangopatsira anthu opita kumeneko.

Pa ntchito yathu pali mawu amene kusukulu saphunzitsa. Munthu akatsala pang'ono kutisiya, abale ake sitiwauza kuti akufa. Timati watopa. Aliyense wa kuno amamva, safunsanso kawiri.

Lachitatu lina m'mawa ndinawanena mawuwa. Mu wodi ya amayi munali mayi wina wachikulire wa vuto la mtima, miyendo yotupa, kupuma kwa befu. Amuna awo ndiwo ankawadikirira. Ndinawaitanira pakhonde n'kunena kuti, "Bambo, amayiwa atopa." Mkuluyo anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati kanthawi.

"Ndiitane ana?"

"Itanani lero lomwe."

Masana a tsiku lomwelo ndinali ndekha m'chipinda choonera odwala, dokotala mnzanga atapita kukalemba mayeso. Kutentha kwake kosanena, malata akuchita kulira. Foni inalira m'thumba. Anali amayi anga. Iwo masiku onse ankangoliza kamodzi n'kudula kuti ndiimbe ndine, koma tsikulo inalira osaleka. Ndinayankha nditaipanira paphewa, dzanja likulemba m'buku la wodwala.

"Iwe, bambo ako atopa."

"Aa, nanga dzuwa limeneli akukakamiriranji kumunda? Auzeni apume, amwe madzi ambiri. Mankhwala aja akumwa?"

"Akumwa."

Mayi amene anali patsogolo panga anali atavula kale mwana malaya, akundidikira.

"Ubwera liti?"

"Loweruka, amayi. Kunonso tonse tatopa."

Ndinadula. Mpaka lero sindidziwa ngati sindinamve, kapena ndinamva n'kuika pambali monga ndinkaikira pambali zina zonse. Mwanayo anali ndi chibayo, ndipo ndinamugoneka.

Lachinayi ana a mayi wa mtima uja anafika onse, wina kuchokera ku Salima, wina kumtunda ku boma. Anazungulira bedi, akuimba motsitsa mawu, ndipo mayiyo anatsirizika masana ali m'manja mwawo. Aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa anamwino. Ati umu ndi mmene dokotala wa mabanja amayankhulira ndi banja. Ndinati zikomo.

Lachisanu m'mawa, ndili pakati poyendera odwala, amalume anaimba. Iwo sanazungulire. Bambo anali atamwalira m'bandakucha. Ndinaika foni m'thumba, n'kumaliza mabedi anayi amene anatsala. Inde, ndinamaliza. Anamwino aja ndi amene anandilanda cholembera m'manja, n'kundikankhira kunja. "Pitani, mwana inu! Mwatani kodi?"

Ulendo wa pa minibasi sunatalike ngakhale ngati opaleshoni imodzi ya mayi woyembekezera. Ndinayang'ana nthawi pokwera ndi potsika, chizolowezi.

Pamaliro sindinalire. Anthu ankati ndi kulimba mtima kwa a chipatala. Titaika, anthu atayamba kubalalika, ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba atakhala pamphasa, miyendo atatambasula. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kufunsa monga ndinkafunsira abale a odwala: zinayamba liti, anagwa kapena ayi, ankayankhula? Anandiuza kuti Lolemba anagwa akusosa kumunda, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi n'kulefuka. Amalume anabwera ndi njinga kuti awatengere kuchipatala, koma bambo anakana. Anati mwana wawo ndi dokotala, abwera adzawaone konkuno.

Apo ndiye mtima unandiwawa, ndipo ndinakweza mawu kwa mayi anga, tsiku loika amuna awo.

"Nanga bwanji osandiuza kuti zavuta? Bwanji osanena mwatchutchutchu?"

Amayi sanakwiye. Anachotsa kaudzu pa chitenje chawo.

"Ndinakuuzatu. Ndinati atopa. Ukanafuna ndinene chiyani, eni ake ali pomwepo pamphasa akumva?"

"Ankamva?"

"Zonse. Pakamwa pokha ndi pamene panapotoka, makutu anali bwinobwino. Utadula anandifunsa kuti mwana wati bwanji."

Sindinafune kufunsa, koma ndinafunsa. "Munawauza chiyani?"

"Zomwe unanenazo. Kuti ubwera Loweruka, nawenso watopa."

Kukhitchini wina ankatsuka mapoto obwereka. Amayi anayang'ana komweko, kenako anati:

"Ndiye anati, musamuimbirenso mwanayo, musiyeni apume."