Kanjira Kanjinga Komwe Sindinakwanemo

Anthu amene anadzatikonzera kanjira kanjinga pa Chintheche ndikawakumbukira, mtima umandiwirabe ngati zachitika dzulo. Anabwera m'nyengo yotentha, mango asanapse, atavala majekete achikasu owala, atanyamula tepi yoyezera, makasu ndi zidebe za laimu. Anati ndi a bungwe lina lofuna kuchepetsa ngozi, ndipo akungoyesa kaye kwa miyezi yochepa kuti aone ngati zingathandize.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwathu ndi ku Dedza, kuno anachita kunditumiza, ndipo ndakhalitsa mpaka kondowole ndinamuzolowera. Miyendo yanga inapuwala ndi poliyo ndili mwana, choncho ndimayenda pa njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. Zaka zonsezo ndinkadzuka, kukwera njinga yanga, kudutsa pamsika, kukafika kusukulu ndekha, popanda wondikankha kapena wondinyamula. Munthu wa miyendo yake sangamvetse kukula kwa chinthu chimenechi. Kwa ine ndiwo unali ulemu wanga wonse.

Ndinkayenda m'mphepete mwa msewu waukulu, tayala lina pa tala, lina pa dothi lolimba la m'mbali. Lole ikaliza hutala kumbuyo ndinkangokhotera kudothi, iyo n'kudutsa, ine n'kubwereranso. Madalaivala a maminibasi ankandidziwa, ena ankatulutsa dzanja pawindo n'kukuwa kuti "Asambizi!" monga amatchulira aphunzitsi kuno.

Dothi langa lomwelo ndi limene anthu aja analisankha. Anakumba maenje motsata mlomo wa tala, mbali zonse ziwiri za msewu, n'kukwiriramo matayala akale a galimoto, theka pansi theka kumtunda, kuyambira kumtunda kwa msika mpaka kupitirira pokhotera kusukulu kwathu. Chakunja kwa matayalawo anandandalika miyala, zonsezo n'kuzipaka laimu mbee. Pakati pake ndiye kanjira kanjinga. Kanali kokongola, bodza n'loipa. Koma m'lifupi mwake anayezera njinga za kumaloji a ku Kande, zija amabwereketsa alendo, zopanda ngakhale kaliyala, ndi tinjinga tawo toonda tija amati masikuta. Kodi anthuwa anali asanaonepo njinga ya kuno? Njinga ya kuno imayenda ndi dengu la usipa mopingasa, thumba la mpunga wa ku Limphasa, mtolo wa nkhuni, nthawi zina chitseko chathunthu!

M'mawa woyamba ndinalowamo ndi mtima wabwino, ndikuti mwina Mulungu watikumbukira ife a njinga. Polowera panali potakasuka. Nditangopalasa pang'ono, matayala akumbuyo anapanikizika, lina pa mwala, lina pa tayala lokwiriridwa. Kutsogolo kosatheka. Ndinabwerera chambuyo pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, ana asukulu akuyang'ana, ndipo ndinakalowa pa tala penipeni poyenda magalimoto.

Ogulitsa nsomba ndi a matumba a mpunga nawonso sanakwanemo, onse anabwerera pa tala. Koma iwowo lole ikabwera amadumpha n'kukokera njinga kuseri kwa matayala. Ine ndidumpha bwanji? Kumanzere kwanga, kumene ndinkathawira kale, kunali tsopano mpanda. Anthu ochepetsa ngozi anali atanditsekera m'khola limodzi ndi malole.

Ndinapita kwa wowatsogolera, mnyamata wamtali waulemu wake, wa Chichewa cha ku Lilongwe.

"Achimwene, kanjira kanuka ine sindikukwanamo," ndinatero.

"Pepani aphunzitsi, taziona zimenezo. Musadandaule, n'zongoyesa izi. Tikamaliza tidzakonza."

"Inu mukungoyesa, chabwino. Nanga lole nayonso ikungoyesa?"

Anaseka, ankayesa nthabwala. Ndinamupempha kuti angosuntha miyalayo pang'ono, kutalika kwa chikhatho kokha. Anati sizingatheke, chifukwa akasintha zinthu pakati pa ulendo, zotsatira za kuyesako zisokonekera. Kenako, osachita nazo manyazi, anatulutsa foni.

"Aphunzitsi, mungaime polowera paja ndikujambuleni? Akuluakulu athu akufuna aone kuti ntchitoyi ikufikira aliyense."

Polowera paja, potakasuka paja! Ndinamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, mawu amene anandibwerera pakamwa si oyenera mkulu wa mpingo ngati ine. Ndinangoti, "Mudzandijambule tsiku limene adzanditole pamsewupa, chithunzi chake chidzaoneka bwino." Ndinapalasa n'kumapita.

Tsikulo silinachedwe. Kunali kuweruka, pamsika pali piringupiringu. Kutsogolo kunkabwera basi, kumbuyo kwanga lole ya matabwa ikuliza hutala osalekeza. Dzanja linachita zimene linazolowera, linakhotera kumanzere. Tayala langa lakumbuyo linakwera pa tayala lawo lija, njinga inapendekeka, ine khu! pa tala. Lole inadutsa pafupi kwambiri moti ndinamva kutentha kwa matayala ake kumaso. Makope a ana amene ndinanyamula kuti ndikachonge kunyumba anamwazika msewu wonse.

Amayi ogulitsa chinangwa anathamanga akulira, "Ada! Ada, mwapweteka?" Kuno ada ndiye kuti bambo. Ankafuna kundidzutsa. Ndinawakaniza mwaukali umene sunali wawo. Ndinawapempha kuti angoimika njinga, ndipo ndinakwawa ndekha ndi zigongono zosupuka mpaka ndinakwera. Anthu a majekete aja tsiku limenelo kunalibe, anali ku Kande kukayesetsa alendo masikuta.

Mkazi wanga anaona mabalawo nditafika kunyumba. Mawa lake anatseka makina ake osokera, anatenga chitenje chofiira, n'kuyamba kuyenda kumbuyo kwanga akuchikupiza kuti magalimoto achepetse liwiro. M'mawa kundiperekeza, masana kudzanditenga. Bambo wa ndevu zaimvi, wophunzitsa ana a anthu, kumayenda ndi mbendera kumbuyo ngati katundu woposa muyezo! Ndinkamukalipira panjira kuti abwerere, iye n'kumangoti, "Bambo, dekhani, akuti n'zakanthawi. Mlendo ndi mame." Pamenepo ankanena zoona, ndipo ndinkadikira tsiku limene mamewo adzakamuke.

Anthu a majekete aja anachokadi, mitambo yoyamba itayamba kusonkhana kunyanja. Kunali msonkhano wotsekera, anthu anamwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ndinamva kuti anaombera m'manja. Ine sanandiitane. Kenako anabweretsa lole, anazula matayala awo onse n'kupakira, akuti akukayesanso kwina. Miyala anthu anatola n'kukamangira maziko. Maenje okha ndiwo anatisiyira, mzere wonse, ali kukamwa yasa motsata mlomo wa tala. Wowakwirira panalibe, chifukwa ntchito inali itatha.

Amene sadziwa mvula ya ku Nkhata Bay afunse. Sigwa mongocheza ayi. Madzi ochokera kumapiri anapeza maenje okumbakumba akuwadikira, analowa m'limodzi, n'kuboolera m'linzake, n'kuboolera m'linzakenso, mpaka mzere wonse unasanduka ngalande. Anayamba kudya pansi pa tala, m'mphepete mukubenthuka zidutswazidutswa. Pofika pakati pa dzinja, dothi lolimba limene ndinayendapo zaka zonse zija kunalibenso. Panali chigwembe chofika m'mawondo a munthu woimirira, ndipo msewu weniweniwo unali utachepa.

Ndinapita kwa oyang'anira misewu, anati amene anakumba ndi a bungwe. Ndinafunsa za a bungwe, anati ntchito yawo kuno inatsekedwa. Aliyense anali waulemu, aliyense anandipatsa pepani. Pepani sakwirira dzenje.

Mkazi wanga anapitirizabe ndi chitenje chake mumvula, mpaka chifuwa chinamugwira n'kugona. Ndinayesa kupita ndekha, ndinabwerera panjira, chifukwa tsopano kukhotera kumanzere kunali kugwera m'chigwembe. Ndinajomba masiku angapo. Aphunzitsi aakulu anabwera kunyumba, anakhala pakhonde akupotokola chipewa m'manja, n'kunena mofatsa kuti mayeso ayandikira ndipo kalasi langa likungokhala. Anali atapangana kale ndi wakabaza wa njinga yamoto, bambo wachitonga wa mumpingo mwathu, kuti azidzanditenga.

Wakabazayo anafika m'mawa kukuwaza. Anaimika njinga yamoto pafupi ndi khonde, anayang'ana chishalo, anayang'ana ine, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti pamenepo sindingakwere ndekha. Anavula chipewa chake cholimba n'kuchiika pansi.

"Ada, mundikhululukire, ndikugwirani," anatero.

Analowetsa mkono wina kumsana kwanga, wina pansi pa mawondo, n'kundinyamula monga amanyamulira wodwala. Miyendo yanga inkalendewera, anachita kuitola umodziumodzi n'kuiika popondera. Titafika kusukulu anachitanso chimodzimodzi, ana onse ali pamzere akuimba nyimbo ya fuko. Nyimbo inazilala pakati, maso onse ali pa ine. Bamboyo anandikhazika pa mpando wa pakhonde la kalasi mosamala kwambiri, anandikonzera kolala ya shati imene inapindika, n'kufunsa kuti abwere nthawi yanji masana.

Munthuyo sanandilakwire kanthu. Amene anandilakwira anali kutali, akukumba maenje m'tauni ina. Ukali wonse unasowa pougwetsera, ndipo ana a m'kalasi langa akumva ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, ada."