Tsiku Limene Ndinasasa Mawu Kumpunga

Kwathu tinabadwa akazi awiri, ndipo wodziwa kupemphera ndinali ine. Sindikudzitama ayi, ku Domasi aliyense ankadziwa. Lachinayi pamsonkhano wa amayi, akafunsa woti atsogolere pemphero, maso onse ankabwera kwa ine. Mavesi ndinali nawo kumutu, ndipo pofika pa ameni ena amakhala akupukuta misozi ndi chitenje. Mng'ono wanga akamupatsa pemphero ankayamba wakhala chete mpaka ena kutsegula diso limodzi kuti aone ngati wagona. Kenaka timawu tiwiri titatu, basi wamaliza.

Chaka china m'ma 1990 muja bambo athu anadwala, mpunga utangoyamba kucha. Kuchipatala ku Malosa anatiuza kuti tikawasamalire kunyumba, ndipo tonse tinamva tanthauzo lake. Ine ndinavala zilimbe. Ndinkathamangira ku Songani kukawagulira mkaka, kuchapa zofunda, kuitana amayi a mpingo kudzaimba, ndipo m'mawa ndi madzulo ndinkagwada pambali pa mphasa yawo n'kupemphera mpaka thukuta kamukamu. Bambo ankavomera ameni mwaulemu, kenaka n'kufunsa, "Kodi mng'ono wako wabwerako kumpunga?"

Funso limeneli linkandilasa mumtima. Iyeyo ankaswera kumunda kuingitsa mbalame, ndipo akabwera, matope ali m'miyendo, ankangokhala pafupi nawo osaimba, osawerenga. Koma ndikasuzumira pakhomo ndinkapeza nkhope ya bambo yamasuka. Nsanje inandigwira, ndisaname. Ntchito yonse ndigwire ine, wofunidwa akhale iye?

Tsiku lina ndinamupanikiza pamjigo.

"Iwe, umawauza chiyani bambo?"

"Palibe, achemwali."

"Nanga umapemphera zotani?"

"Ndimangodikira. Ndinazolowera kumpunga kuja. Ukakhala chete nthawi yaitali, Mulungu amayankhula yekha."

"Ndiye kuti ife okuwa m'pemphero sitimumva?"

"Sindinatero, achemwali."

Sanatero, koma ine ndinamva choncho. Ndinamuuza kuti mawa lake kumpunga ndipita ndine. Si kuti ndinkafunafuna Mulungu ayi. Ndinkafuna kumulanda mng'ono wanga chimene anali nacho.

Kuingitsa mbalame kuli ndi kachitidwe kake. M'munda mumadutsa zingwe zomangirira zitini zokhala ndi timiyala, ndipo zonse zimakathera pakachisakasa. Wodziwa amakhala phee, n'kukoka chingwe pokhapokha gulu la mpheta likatera. Ine zinandikanika. Kambalame kamodzi kakangodutsa ndinkanyamuka, kukuwa, kugenda, kuthamanga m'matope. Nditayesa kutsinzina kuti ndimvetsere, chimene ndinamva ndi mkangano wanga ndi mng'ono wanga, ndikumuyankha mumtima mayankho okoma amene sindinawapeze pamjigo paja. Pamene dzuwa linkapendeka mawu anali atasasiratu, Mulungu osanena kanthu.

Ndinafikira kwa bambo ndili wokwiya. Ndinagwada kuti ndiyambe pemphero, koma kukhosi kunangotuluka mphepo. Ndinayesanso, osatheka. Ndinakhala pansi mwamanyazi n'kutsamira khoma.

Panapita nthawi. Ndinayamba kumva mmene mpweya wawo unkavutira, ukuima kenaka kuyambanso. Masiku onse aja ndinali ndisanaumvepo. Kenaka anatembenuza mutu.

"Mwana wanga, ndikuopa."

Ndinasendera pafupi nawo.

"Ndikuopa kufa. Zaka zonsezi ndili mkulu wa mpingo, ndalimbikitsa anthu m'maliro, koma ine ndikuopa. Ndakhala ndikufuna kukuuza, tsono iwe ukamalowa umakhala wayamba kale nyimbo."

Ndikanakhala ndi mawu ndikanawathira vesi nthawi yomweyo, ndipo linali litafika kale pakamwa. Poti ndinalibe, ndinangowagwira dzanja. Anayankhula za amayi athu amene anatsogola, za mbale wawo amene anasiyana naye asanakhululukirane, mpaka tulo tinawatenga dzanja lawo lili m'langa. Ngati Mulungu anandiyankhulapo m'moyo uno, ndi tsiku limenelo, ndipo anachita kuyamba wanditseka pakamwa.

Ndinatuluka ndikulira, komabe penapake mtima ukukoma. Ndinkati tsopano nanenso ndili ndi changa, chimene bambo auza ine ndekha. Mng'ono wanga ndinamupeza kuseri akutsuka mbale, ndipo ndinamunong'oneza ndi timawu totsala tija, "Ukudziwa? Bambo akuopa."

Sanadzutse mutu. "Ndikudziwa, achemwali. Anandiuza tsiku lomwe tinabwera nawo kuchokera kuchipatala."

Masabata atatu! Iye akudziwa, ine ndili kalikiliki ndi nyimbo.

Bambo anatisiya patangopita masiku anayi. Masiku anayiwo ndinakhala nawo chete, ndipo ndimathokoza. Koma ndakalamba tsopano, ndipo masabata atatu aja sindinamukhululukirebe mng'ono wanga, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti sanandibere. Ndinamupatsa ndekha.