Injini Yafa

Dzulo ndikuphunzitsa atsikana a sayansi ku Katete, mafuta a dizilo anandidonthera m'manja. Fungo lake linandibwezera pa msewu wa ku Vubwi, ndili mwana.

Amayi anali atagona kumbuyo kwa lole ya thonje, matenda a uchembere atawavuta. Tinkathamangira nawo kuchipatala, ine ndi atate. Pachitunda lole inatsokomola kawiri n'kuzima.

"Injini yafa," anatero adalaivala.

Ine ndinkayesa yangokomoka ngati munthu. Ndinatenga chigubu cha madzi akumwa a amayi n'kukhuthulira pachitsulo chotenthacho, monga tinkachitira munthu akakomoka. Chinangofuka nthunzi.

"Dzuka!" ndinakuwa, ndikuchimenya ndi manja. "Chonde adalaivala, idzutseni!"

"Choka apo, mwana iwe! Tidikire amakanika."

Dzuwa linafika pamutu mpaka kupendeka. Amayi anasiya kubuula. Atate anavula chipewa.

Amakanika atabwera panjinga, anangomasula kapaipi ka dizilo n'kukauzira ndi pakamwa. Lole inalira, koma tinatembenuka kubwerera kumudzi.

Lero ndimatsogolera bungwe la mainjiniya, koma mtsikana akandiuza kuti makina afa, ndimathamangira pomwe ali. Ndimamupatsa sipanala n'kumuuza kuti, "Sanafe ayi. Tsegula msanga."