Wayifayi Imene Ndinapepesa Nayo Maliro

Tsiku limenelo tinalipo anthu awa: ine Zuze, a Semba amene ndi bwana wanga pa ofesi ya kalabu ya alimi, ndi Fanita, mwana wa malemu Jofesi mnzanga wa ku dambo, amene anabwera ndi laputopu yobwereka. Mwana wanga Mateyu analipo pa foni chabe, thupi lili ku Blantyre. Kuseri kwa mpanda kunali a Khembo, amene anataya mayi awo, pamodzi ndi khamu lonse la maliro. Ndawatchula onse dala, chifukwa nkhani imeneyi anthu a pa Bangula amainena mokhotetsa, ndipo ine ndikufuna imveke mmene inayendera.

Ntchito ya pamwezi ndinaiyamba imvi zili mbuu. Moyo wanga wonse ndinali msodzi komanso mlimi wa kwa Mlolo, ndipo palibe munthu anandilamulapo nthawi yodzuka. Madzi atatenga nyumba, bwato ndi munda womwe, ndinafika pa Bangula chimanjamanja. Mateyu ndiye anaika wayifayi pa ofesi ya alimi ija, ndiye anawauza a Semba kuti, "Ngati mukufuna munthu woti akakhosomola mbava ithawe, tengani bambo anga." Ananditenga.

Ntchito yake inali iyi. M'mawa kupukuta fumbi pa sola, kuona madzi a m'batire, kuyatsa inveta, kenako kuyatsa rauta, kabokosi koyera ka nyanga ziwiri kamene kamagawa netiweki. Timagetsi take tikakhala tobiriwira, zonse zili bwino. Tikafiira, uzimitse, udikire pang'ono, uyatsenso. Uyang'anenso chingwe chochokera ku mbale ya pamtengo yokoka netiweki ngati makoswe sanachidye. Chizungu sindiwerenga, koma pasiwedi ndinaimva kamodzi n'kukhazikika m'mutu. A Semba anandiuza kuti, "Madala, pasiwedi ndi ya mamembala ndi amene ndawaloleza ine." Ndinati ndamva.

Kenako kunagwa maliro kwa a Khembo. Nyumba yawo ndi ofesi yathu zinalekana ndi mpanda wa bango basi, ndipo iwowo ndi amene anandigoneka pakhonde pawo nditangofika kumene. Anthu ankapereka chipepeso, wina ufa, wina nkhuni, wina mlamba wouma, woyendetsa mwambo n'kumalengeza dzina lililonse. Ine ndinalibe choti dzina langa limveke nacho. Koma ndinaona anthu akukwera pachulu, mafoni ali m'mwamba, kusaka netiweki yoti auzire abale a ku Mozambiki ndi ku Joni. Ndinapita kwa woyendetsa mwambo, iye n'kulengeza kuti, "A Zuze apepesa ndi wayifayi." Pasiwedi ndinaitchula ndekha, chifukwa mawu anga safuna chimkuzamawu. Madzulo ake mchemwali wawo wa ku Beira analira nafe pa foni akuliona bokosi ndi maso ake. A Khembo anandigwira dzanja nandithokoza m'chilankhulo chathu kuti, "Takhuta, a Zuze." Mpaka lero sindinena kuti ndinachita choipa.

M'mawa mwake, tsiku loika maliro, ndiye linalinso tsiku la Fanita. Sukulu ya unamwino inamuitana ku intavyu ya pa intaneti, yoonana nkhope, ndipo netiweki ya foni kwathu kuno singanyamule zimenezo. A Semba anali atamuloleza kale kugwiritsa ntchito yathu. Mwanayo anayesa kawiri konse m'mbuyomo osaitanidwa n'komwe, uwu ndiye unali mwayi wake. Anafika molawirira, atavala bulauzi yoyera ya azakhali ake.

Ndinamutchulira pasiwedi, analemba. Kanthu kanayamba kuzungulira pagalasi. Kanazungulira, kanazungulira, n'kusiya.

"Agogo, ikuti ikusaka adilesi. Tsopano ikuti yalephera."

"Adilesi ya chiyani? Iuze kuti pano ndi pa Bangula."

Sanaseke. Anayesanso, chimodzimodzi. Timagetsi tonse tinali tobiriwira. Ndinazimitsa rauta, kudikira, kuyatsa. Zinaipiratu, chifukwa foni ya a Semba imene inkagwira bwinobwino nayonso inayamba kusaka adilesi. Pamenepo ndinaimbira Mateyu n'kuika foni pa tebulo kuti tonse timve.

Mateyu anamuuza Fanita kuti aiwalitse laputopu netiwekiyo n'kulembanso pasiwedi. Anatero. Anati aizimitse n'kuiyatsanso. Anatero. Anati ndigwedeze chingwe cha kumbuyo kwa rauta. Chinali cholimba. Nthawi ya intavyu inali itayandikira, ndipo mwana uja anayamba kupukuta manja m'siketi.

"Pasiwedi ikulowa, ndiye vuto si limenelo," anatero Mateyu. "Muli anthu ambiri muofesimo?"

"Ndife tokha."

Kenako Mateyu anati, "Baba, nyimbo ndikumvazo zikuimbidwa kuti?"

Ndinamuuza zonse, ndipo sindinatsitse mawu. A Semba anagwira kumutu.

"Baba, mverani. Rauta ili ngati bwato. Pasiwedi ndi chilolezo chofika padooko, koma adilesi ndi pokhala m'bwatomo, ndipo mipando yake ndi yowerengeka. Ine ndinaika yokwanira ofesi, osati mudzi. Foni iliyonse ya pamaliropo yatenga mpando, ngakhale ili m'thumba. Mukazimitsa n'kuyatsa, mafoni amathamangira kukhalanso, laputopu yakaleyo isanadzuke n'komwe."

Za bwato sanafunike kundiuza kawiri. Ndinafunsa ngati sitingangosintha pasiwedi. Anati pamafunika chipangizo chimene chalowa kale, kapena cholumikiza ndi chingwe, ndipo laputopu ya Fanita inalibe bowo lake. Kuseri kwa rauta kuli kabatani kobisika kofufutira zonse, koma anati tikakakhudza tifufutanso zoilumikiza ndi mbale ya pamtengo, ndipo palibe wa ife angazibwezeretse.

"Njira ndi imodzi. Anthuwo azimitse wayifayi m'mafoni mwawo. Akatero muzimitse rauta, muyatse, laputopu ilowe yoyamba."

A Semba anati, "Ine ndi mlendo kuno, sindingakalankhule pamaliro a eni. Munapereka ndinu, madala."

Amene simuli a kuno mwina simungamve kulemera kwake. Chipepeso sichibwezedwa. Ukapereka nkhuni, sukazisolola pamoto. Ndipo ine ndimayenera kukalanda changa pamaso pa anthu onse amene anamva dzina langa likulengezedwa, mtembo usanatuluke pakhomo.

Ndinazungulira mpanda. Bokosi linali panja, abusa ali pakati pa ulaliki. Ndinagwada pafupi ndi woyendetsa mwambo n'kumunong'oneza. Anati, "Dikirani abusa amalize." Ndinadikira. Abusa aja anatseka buku, ine n'kupuma, koma anangolitsegulanso pena. Anthu amati ndinachedwa pamenepo. Ine ndimawafunsa kuti, ndani wa inu anadulapo abusa pakamwa mtembo uli patsogolo? Nditacheuka ndinaona Fanita pampata wa mpanda. Sankalira, sankandiitana. Anangoima, manja atagwira m'mphepete mwa bulauzi ija, akundiyang'ana ngati mmene bambo ake ankayang'anira madzi akamakwera.

Ndinaimirira.

"Pepani abusa! Pepani anamfedwa! Aliyense amene ndinamupatsa wayifayi dzulo, azimitse tsopano lino! Pali mwana akufuna kulowa!"

Mayi wina kumbuyo anati, "Nkhabe, ayi ndithu, izi sitinazionepo." Abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. A Khembo sanaimirire, anangolankhula ali pamkeka, ndipo mawu awo anali otsika kuposa anga koma aliyense anamva.

"A Zuze, chipepeso amalanda munthu asanaikidwe?"

Ndinangobwereza kuti azimitse. Ena anazimitsa ndi mkwiyo, ena sankadziwa pozimitsira mpaka atsikana a kwaya anayenda m'mizere kuwathandiza. Ena anazimitsa foni yonse n'kuilozetsa kwa ine kuti ndione. Mdzukulu wa malemu anali pa foni ndi mchemwali uja wa ku Beira kuti amve ulaliki, nayenso anadula.

Ndinathamanga ngati mnyamata. Ndinazula chingwe cha magetsi ku rauta, kudikira monga Mateyu ananenera, n'kubwezera. Timagetsi tinayaka kamodzikamodzi. Fanita anadina. Kanthu kaja kanazungulira pang'ono n'kuima.

"Yalowa."

Pagalasi panaoneka chipinda cha mipando yopanda anthu, ndi mayi mmodzi akulongedza mapepala. Fanita anapereka moni m'Chizungu, anapepesa, anafotokoza. Mayiyo anamumvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanali wankhanza. Fanita atatseka laputopu ndinamufunsa kuti anena chiyani.

"Akuti dzina langa analiitana, ndipo anzawo apita kale. Akuti ndidzayesenso chaka chamawa."

Anapinda chingwe chake bwinobwino, n'kunena kuti, "Zikomo agogo, munayesetsa." Ndikanakonda akananditukwana.

Kumanda sindinapite, chifukwa ndinaona kuti palibe amene akanandipatsa fosholo. A Khembo mpaka lero tikakumana pamsika amayang'ana nsomba. Fanita akugulitsa tomato pa siteji ya minibasi, akudikira chaka chimenecho. A Semba sanandichotse ntchito, anangosiya kundiitana kuti madala, tsopano ndine a Zuze basi.

Chimene ndinatolapo, ndikuuzani inu amene mukufuna ntchito ya makina amenewa, ndi ichi. Foni kapena laputopu ikamati ikusaka adilesi, timagetsi tili tobiriwira, pasiwedi yalowa, musataye nthawi ndi zingwe. Funsani kaye kuti alowa kale ndi angati, ndipo anawalowetsa ndani. Netiweki siioneka ndi maso, ndiye munthu umaganiza kuti siingathe. Imatha, ndipo amene amasowa malo si amene anabwera kudzacheza ayi.

Loweruka lake Mateyu anabwera. Analumikiza kompyuta yake ndi chingwe, anawonjezera mipando ija, anachepetsa nthawi imene foni yochoka imasungiridwa malo, kenako anasintha pasiwedi. Ndinaima pambali pake ndikudikira kuti anditchulire monga kale. Analongedza zida zake osanditchulira. Ndinamuperekeza mpaka pa siteji, ndipo pamene ankakwera minibasi ndinamufunsa mokweza kuti yatsopanoyo ndi chiyani. Anatsikanso, anandikokera pambali kuti anthu asamve.

"Baba, ndawapatsa a Semba okha. Inu sindikuuzani. Mawa kukagwa maliro ena mudzaperekanso, ndipo ine ndilibe pakamwa pokuletserani."