Mankhwala Amene Anandikaniza

Chaka chimene ndinasiya kupita kumwezi ndi chaka chomwe mng'ono wanga anayamba kumwa mahomoni. Anabadwa ali mnyamata, ndipo moyo wonse ndinkamutchula kuti mlongo wanga. Atandiuza pafoni kuti iye ndi mkazi, komanso kuti dokotala wa ku Indianapolis, kuno ku America, wamuyambitsa mankhwala, ndinalira, ndinapemphera, kenako ndinazolowera. Koma nsanje inandipeza ndisanakonzeke.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira okalamba ku South Bend. Thupi linkangonditentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu ngakhale kunja kukuzizira koopsa. Khungu linauma, chiuno chinasowa, ndipo pachibwano panamera titsitsi tolimba. Ndinapempha dokotala wanga kuti andipatse esitirojeni, mahomoni achikazi. Anakana, chifukwa nditabereka mwana wachiwiri magazi anandiundana m'mwendo, ndipo anati mankhwalawo angadzutsenso vutolo. Mankhwala omwewo ndi amene mng'ono wanga ankameza m'mawa uliwonse.

Ndinkapita kukamuona pakapita miyezi ingapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza china chasintha. Khungu lake linafewa, nkhope n'kusalala. Fungo la thukuta lachimuna lija linatha. Mawere anayamba kutuluka ngati a mtsikana wongotha msinkhu, moti ndikamukumbatira ankadzikoka, ati akuwawa. Kenako mafuta anatsikira m'chiuno ndi m'ntchafu. Tsiku lina m'sitolo ya pa Lafayette Road analephera kunyamula thumba la mpunga limene kale ankangoliponya paphewa. Ndinanyamula ndine, iye akuseka. Ine sindinaseke.

Anali ndi madandaulo akenso. Mawu sanasinthe, ndipo ndevu sizinamvere mankhwala, ankachita kukaziwotchetsa ku kiliniki. Akamandiuza zimenezi ndinkamupepesa, koma pansi pamtima ndinkamva kukoma.

M'chilimwe china kunali ukwati wa mwana wa mnzanga wa kutchalitchi ku Beech Grove. Ndinafikira kwa mng'ono wanga kuti ndivalire kumeneko. Ndinatenga diresi langa lobiriwira limene telala wa ku Limbe anandisokera ndisanabwere kuno. Zipi inakana. Iye anakoka, ine ndinabweza mimba, koma inaima pakati pamsana. Nditalivula, anapempha kuti aliyese. Linamukhala ngati telalayo anayeza iyeyo.

"Achemwali, mundibwereke," anatero akudzitembenuza pagalasi.

Ndinamuuza kuti avule msanga asanaling'ambe. Anavula n'kulipinda bwinobwino. Ndinavala siketi yakuda ndi bulauzi, diresi ndinaliponya m'buti ya galimoto.

Kuukwati sanamuitane. Amayi ena ankandifunsa monong'ona kuti achimwene anga ali bwanji masiku ano, maso ali gwa kufuna nkhani. Ndinawayankha kuti mng'ono wanga ali bwino kuposa tonsefe, ndipo ndinadabwa kumva ukali m'mawu anga. Ndinavina pang'ono, thukuta linayamba, ndinakakhala m'galimoto n'kuyatsa mphepo yozizira.

Patapita masiku ndinamuimbira foni. Ndinamuuza mosabisa kuti zimandiwawa kuona iye akulandira zimene ine zikundithawa.

"Inu munali nazo kuyambira utsikana wanu," anatero. "Ine ndinkangokuonerani, ndipo simunadziwe."

Sindinadziwedi. Ndinakumbuka mmene ankakhalira pakhomo la chipinda changa ku Chilomoni, ine ndikudzola ndi kuyesa zovala, ndikumuthamangitsa kuti apite akasewere mpira ndi anzake.

Diresi lija ndinamutumizira pa positi. Analivala popita kuphwando la kuntchito kwake, n'kunditumizira chithunzi. Chinandipeza pa nthawi yopuma kuntchito, nditakhala pafupi ndi fani. Ndinachikulitsa ndi zala, kuyang'ana m'chiuno, m'mapewa, m'khosi, kufunafuna pamene silinakhale bwino. Sindinapeze. Ndinamuyankha mawa lake kuti watchena, koma nsapatozo asinthe.