Tsiku limene likasa linandichititsa manyazi

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale.

Ndadzuka ndi mkwiyo m'chifuwa, ndipo sindikufuna kuti uthe msanga.

Ntchito ino ndinaipeza chifukwa cholephera. Zotsatira za mayeso opezera chiphaso cha unamwino zitatuluka, dzina langa panalibe. Bambo anangoti, "Zaka zitatu za ku koleji zakwana. Ukalepheranso, kuchigafa kukusowa anthu osoka fodya." Azakhali anga ndi amene anakandipemphera malo kwa a Sisita Nankhoma, mkulu wa anamwino pa kachipatala kena kuno ku Nambuma, poti amaimba kwaya imodzi. Asisita anavomera kuti ndizithandiza mongodzipereka mpaka nditalembanso mayeso. Yanga ndi kuyeza odwala pa sikelo, kutentha kwa thupi ndi BP, n'kulemba m'buku lawo la kuchipatala. Mankhwala sindigwira, poti ndilibe chiphaso.

Amene tinalephera limodzi tili ndi gulu pa WhatsApp. Kumeneko chuma chathu ndi likasa, timapepala ta mafunso akale ndi mayankho ake, amene anthu amalumbira kuti amabwera chaka chilichonse. Ulendo woyamba ndinadalira lomweli, koma ndinkadzinamiza kuti vuto linali kusaloweza mokwanira. Ndiye ndinalilowezanso lonse ngati mavesi a Sande sukulu.

Dzulo m'mawa kabaza anabwera ndi mayi wina, tenanti wa pa esiteti ya fodya, kwawo ku Phalombe. Ankasanza, mutu ukuwawa, chizungulire, thukuta lili kamukamu. Nditangowaona, tsamba lachinayi la likasa linatseguka m'mutu mwanga.

"Malungo awa, asisita. Angofunika LA basi," ndinatero mokweza, kuti ngakhale a pa benchi amve kuti ndinapita ku koleji.

Asisita sanandiyang'ane n'komwe. "Thupi latentha?"

"Ayi, lili bwinobwino."

"Nanga magazi akuti chiyani?"

Titawabaya pachala, kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mzere umodzi wokha. Malungo panalibe.

"Ndiye LA wakoyo amwe ndani, iwe kapena benchi?"

Odwala anaseka, mpaka bambo wina wodwala chifuwa anatsamwa. Ine ndinangolakalaka pansi patatseguka.

Asisita anagwira bulawuzi ya mayi aja. Inali yonyowa, yomata. "Mayi, mwachokera kuti m'mawa uno?"

"Kothyola fodya, adokotala. Timalowa m'munda mame asanakamuke, masamba timapanira m'khwapa umu."

Apo ndi pamene asisita ananditembenukira. Anati poizoni wa fodya wonyowa amalowera pakhungu, ndipo amagwetsa munthu ngati malungo. Tinawavula zonyowazo, ine ndinawasambitsa mikono ndi m'khwapa ndi sopo, tinawaveka chitenje chouma, n'kumawamwetsa Thanzi pang'onopang'ono ndi supuni kuti asasanzenso. Pofika masana anakhala tsonga, n'kuyamba kufunsa za mwana amene anamusiya kwa anansi.

"Iwe unakulira m'fodya, eti?" anatero asisita tikusamba m'manja. "Nanga bwanji sunawafunse? Tikufuna namwino kuno, osati chinkhwe."

Zinandipweteka chifukwa n'zoona. Amayi anga omwe amasanza chonchi nyengo yothyola, ndipo ndakhala ndikuziona kuyambira ndili wa sitandade 3. Asisita anatsegula kabati n'kutulutsa buku lalikulu la malangizo a kachizidwe ka matenda, lothothoka chikuto. "Aliyense amene wamuyeza, ukaweruka uzikamupeza m'menemu. Kukacha uzindiuza chifukwa chake tinachita zimene tinachita."

Nditaweruka ndinalemba nkhani yonse pa gulu lija. Tadala, amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, anayankha msangamsanga: "Asisi, za fodyazo sizibwera pa mayeso. Udzagwanso ndi chibuku chakocho, ife tikuvala zoyera."

Mwina sizibweradi. Koma mayi aja anabwera, ndipo sanabwere ndi A, B, C, D woti ndisankhepo. Ndatuluka m'gulumo. Anene kuti ndadzikweza, anene kuti asisita andidyetsa mankhwala, zawo zimenezo. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti ndilembenso mayeso, bukulo ndi lonenepa ngati njerwa, ndipo mantha ndili nawo. Koma chiphaso chimenechi ndichitenga ndikudziwa chimene ndikuchita.

Mawa ndilawirira. Likasa ndikapatsa mayi ogulitsa zitumbuwa pageti kuti azikulungira. Ndipo wodwala woyamba kukhala pa mpando wanga, ndisanatchule dzina la matenda alionse, ndidzayamba ndamufunsa kuti, "Mwachokera kuti m'mawa uno?"