Chingwe Chopanda Wogwira

Kukangocha, aneba anga amatenga fosholo n'kuyamba kulambula njira yanga, kenako yawo. Ndi nkhalamba yaifupi, yogontha khutu limodzi, ndipo chipale chofewa amachikalipira ngati mlendo wosatsanzika: "Wabweranso iwe? Kwanu anakuthamangitsa?"

Kuno ku Iwamizawa, kumpoto kwa Japan, munthu sakwera yekha padenga kukagwetsa chipale. Mnzake amatsala pansi atagwira chingwe. Chingwe cha aneba angawa ankagwira ndi malemu amuna anga, a Tokuji, mpaka tsiku limene chipale chinagumuka padenga n'kuwakwirira pomwe anaimapo.

Dzulo ndikufukiza lubani pa chithunzi cha malemuwo, ndinamva mapazi pamwamba. Nditathamangira panja, ndinawaona anebawo ali padenga langa, chingwe m'chiuno, nsonga yake ikungolendewera.

"Tsikani bambo! Mukufuna maliro ena?"

"Zitseko zanu zayamba kulimba, mayi. Dengali lalemedwa. Likagwa ndikawauza chiyani a Tokuji?"

Ndinaima patali, ndikupemphera, mpaka anatsika.

Lero kwayambanso kugwa chipale. Chaka chatha anandipempha kamodzi kokha, akuyang'ana pansi: "Mayi, mungamandigwirireko chingwe? Paja ankaima mnzanga paja."

Sindinawayankhebe.